Zomwe ndikuphunzira pa nkhuku za Mikolongwe

Kuno ku Mzuzu nkhuku ikangokhala yakuda basi anthu amati ya Mikolongwe, koma chiyambireni kuweta ndi kufunsafunsa kwa alangizi a ziweto ndaona kuti yeniyeniyo ikusowa, zambiri zinasakanikirana kale ndi zachikuda, ndipo ineyo zimandipweteka chifukwa ndi mtundu wabwino zedi.

Pa mabuku ndi Black Australorp, anaipanga ku Australia kuchokera ku Black Orpington ya ku England. Ku Malawi inabwera m'ma 1950 cholinga atambala ake azikwera nkhuku zakumudzi kuti ana azikula msanga komanso aziikira kwambiri. Boma limazichulukitsa ku Mikolongwe ku Chiradzulu, ku Bwemba ku Lilongwe, ife akumpoto ndi pa Choma pompanopa. Ndiye kusakaniza kuja sikulakwa ayi, ndi chomwe inabwerera, koma aliyense akamangosakaniza tambala weniweni mawa tidzamutenga kuti?

Chomwe chanditengera nthawi ndi kuphunzira kuyang'ana. Mtengeni tambala mupite naye padzuwa, nthenga zija zakuda bii koma zimanyezimira ngati zobiriwira, makamaka kumchira ndi pamapiko. Mukaona nthenga zofiira kapena zachikasu pakhosi dziwani kuti muli magazi ena umo. Lipombo likhale limodzi, lofiira, loima chilili, maso akuda, miyendo yakuda yopanda nthenga, kenako mutembenuze phazi, kupansi kwake kumakhala koyera. Chaphazichi ambiri sachidziwa ndipo ine ndimayambira pomwepo ndisanafunse mtengo.

Kuti mtundu usatayike khola lake likhale lakelake. Thadzi likakweredwa limasunga mbewu ya tambala mpaka masabata awiri kapena atatu, ndiye olo mwalipatula lero musathamangire kutola mazira oti muswetse, dikirani kaye masabata atatu lili ndi tambala wa Mikolongwe yekha. Mazirawo ine ndimapatsa thadzi lachikuda kuti lifungatire, pa kulera palibe wozipambana zimenezija, masiku 21 anapiye atuluka.

Apo ndiye pamayambira nkhondo ndi kuzizira kwa Mzuzu. Juni ndi Julaye anapiye opanda mayi amaunjikana pakona kupanikizana mpaka kufa, ndiye pamafunika mbaula kapena babu usiku, utuchi wouma pansi, koma mpweya uzilowa chifukwa utsi wa makala umaphanso. Katemera wa chitopa wa I-2 ndi kadontho kamodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, musadikire kumva kuti kwa aneba zayamba kufa. Chakudya madeya okha sakwana, ndimasakaniza soya wokazinga ndi usipa wosinja, masamba pambali.

Za chionetsero cha zaulimi ndiye ndikuzikonzekera panopa. Nkhuku yopita kumeneko imafunika izolowere kugwiridwa ndi kukhala m'kakhola kakang'ono, apo ayi oweruza akafika imangowuluka kuthyola nthenga zomwe mwasamala miyezi yonseyi. Ndimamunyamula tambala wanga madzulo aliwonse, kumutambasula mapiko, kuyang'ana utitiri kumaso ndi nsabwe kunsi kwa mchira. Kumusambitsa ndi madzi ofunda kukhale masiku angapo tsikulo lisanafike kuti nthenga ziume bwino ndi kuyambanso kuwala. Ndipo pobwerera sadzalowa m'khola la anzake, adzakhala payekha masabata awiri kaye, chifukwa kumeneko kumakumana nkhuku za m'makola ambirimbiri ndipo si onse amabaitsa katemera.