Chidede, limanda, sonkhwe ndi therere lobala: zolemba za pa mizere yoyesera, kuchokera pa njere mpaka pa duwa

Mbewu zinayizi ndi pachibale, za banja la Malvaceae momwe mulinso thonje. Chidede ndi Hibiscus sabdariffa, limanda ndi Hibiscus acetosella, sonkhwe ndi Hibiscus cannabinus, pomwe therere lobala ndi Abelmoschus esculentus. Mayina a kumudzi amasinthana malinga ndi dera. Limanda ku Zambia amati lumanda, ndipo pamsika ndiwo iliyonse yowawasa ya masamba ofiirira ena amangoti chidede. Nchifukwa chake tinazifesa moyandikana, mzere uliwonse mbewu yake, kuti tizione pa msinkhu umodzi, dothi limodzi ndi dzuwa limodzi.

Disembala: njere ndi kufesa

Njere zimauza zambiri mbewu isanamere, bola muziyale pa pepala loyera. Ya therere lobala ndi yobulungira ngati kansawawa, yotuwa mobiriwira. Ya chidede ndi yopindika ngati impso, yakhofi. Ya sonkhwe ili ndi makona, mbali imodzi yosongoka ngati mphanyo ya nkhwangwa, yotuwa mokudera. Ya limanda ndi yopindikanso koma yocheperapo kuposa ya chidede, ndipo ziwirizi zikasakanikirana m'botolo limodzi, kuzisankha ndi maso ndi ntchito yotaya nayo nthawi.

Njere zinagona m'madzi usiku umodzi chifukwa khungu lake ndi lolimba. Phando linali lakuya masentimita awiri, njere zitatu paphando, mapando otalikirana masentimita 60. Zikamera mumapatulira kusiya umodzi. Chikwangwani cha mzere lembani ndi pensulo pa kachidutswa ka chigubu choyera. Inki ya bolopeni ndi maka zimafufutika ndi dzuwa mwezi usanathe, ndipo mzere wopanda dzina pa sabata yachitatu ndi mzere wotayika, chifukwa masamba awiri oyambirira a zonse zinayi amangofanana.

Januwale: masamba amanama

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo vuto lake ndi lakuti mbewu imodzi imakhala ndi masamba a mitundu iwiri kapena itatu. Masamba a m'munsi a chidede ndi athunthu, osagawika, ngati dzira. Okwera m'mwamba amagawika patatu kapena pasanu. Sonkhwe amachitanso chimodzimodzi: m'munsi tsamba lake lili ngati mtima, m'mwamba limang'ambika kwambiri kukhala zala zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri, zazitali ndi zopyapyala. Munthu akathyola tsamba la m'munsi la sonkhwe ndi la m'mwamba la chidede n'kuwayerekeza, amangodzisokoneza yekha. Yerekezani tsamba la pa mfundo yofanana, tinene yachisanu ndi chitatu kuchokera pansi, pa mbewu zonse.

Masamba a m'mwamba a sonkhwe ndi amene anam'patsa dzina loti cannabinus, chifukwa patali amaoneka ngati chamba. Pafupi kusiyana kwake sikovuta. Pa chamba chala chilichonse ndi katsamba pakokha, zonse zimangokumana pansonga pa kaphesi. Pa sonkhwe zala zimalumikizana ndi mnofu wa tsamba m'munsi mwake ngati chikhatho, ndipo mukalifikisa mulibe fungo lija. Ngati mzere wanu uli m'mbali mwa njira, ndi bwino kudziwa kufotokoza zimenezi.

Kufiira nakonso sikodalirika. Limanda wodziwika ndi wa masamba ofiira moderako, koma alipo wobiriwira. Chidede chodziwika ndi cha tsinde lofiira, koma chilipo cha tsinde lobiriwira ndi chikho choyererako. Limanda wobzalidwa pamthunzi amasuluka, kufiira kumangotsala m'mitsempha. Ngakhale therere lobala lili ndi mitundu ya tsinde ndi zipatso zofiira.

Zomwe zimagwira ntchito pa msinkhu uwu ndi ziwiri. Choyamba, dutsitsani chala pa tsinde kuchokera m'mwamba kutsika. Tsinde la sonkhwe lili ndi timinga tobaya; la chidede cha ndiwo ndi la limanda ndi losalala; la therere lobala lili ndi ubweya wokhakhala woyabwa. Chachiwiri, tembenuzani tsamba. Pa mtsempha wapakati, pafupi ndi pomwe tsamba limagwirana ndi kaphesi, chidede, limanda ndi sonkhwe zili ndi kadiso kotalikirako ngati kabala kong'ambika. Kamatulutsa timadzi totsekemera, ndipo m'mawa mumapeza nyerere zitaunjikana pomwepo mitu pansi. Kadisoka sikasiyanitsa zitatuzi, koma kakutsimikizirani kuti muli m'gulu lolondola. Kulawa kumathandizanso pang'ono: chidede ndi limanda ndi zowawasa kwambiri, sonkhwe amawawasa pang'ono, therere lobala silowawasa, limangonanda.

Febuluwale: therere latsogola

Therere lobala limachita maluwa patangopita masabata asanu mpaka asanu ndi atatu chifesereni, pamene zinzake zikungokula masamba. Duwa lake kumaso ndi lachikasu chosuluka, pakati pofiira moderako. Kumaso komweko n'kofanana ndi kwa chidede ndi sonkhwe, ndiye chithunzi cha duwa chojambula kutsogolo chimakongola koma sichithandiza kanthu. Duwa la banja ili muzilitembenuza, muzione kumbuyo.

Kumbuyoko kuli zigawo ziwiri. Chomwe chagwira masamba a duwa ndi chikho, chomwe akatswiri amati calyx. Pansi pa chikho pali mkombero wa tizala tobiriwira kapena tofiira, epicalyx. Pa therere lobala chikho ndi chopyapyala ngati chipewa chosongoka. Duwa likamatseguka chimang'ambika mbali imodzi yokha kuchokera m'mwamba mpaka pansi, kenako chimagwa limodzi ndi duwa likafota. Tizala take ndi topyapyala ngati ulusi wonenepa ndipo timayoyoka chipatso chikadali chanthete. Ichi ndicho chifukwa chake therere linachotsedwa mu Hibiscus. Katswiri wa zomera Linnaeus mu 1753 analitcha Hibiscus esculentus, koma katswiri wina, Medikus, mu 1787 anakhazikitsa gulu lina la Abelmoschus, ndipo chikho chogwa chija ndi chizindikiro chachikulu cha gululi. Pa Hibiscus weniweni chikho chili ndi mano asanu ndipo chimatsalira, kukumbatira chipatso mpaka kuuma.

Ngati pafupi pali thonje, tembenuzaninso duwa lake. Tizala take ndi titatu tokha, tatikulu ngati masamba, ta mano aatali, ndipo pa tsinde ndi masamba pali timadontho takuda. Palibe mwa zinayi zathu chomwe chili nazo.

Marichi ndi Epulo: zitatu zotsala

Chidede, limanda ndi mitundu yambiri ya sonkhwe zimadikira kuti usana ufupike. Kuno usana ndi usiku zimalingana cha pa 21 Marichi, ndipo maluwa a chidede amachuluka kuyambira nthawi imeneyo. Chofesedwa mochedwa chimachita maluwa pafupifupi nthawi yomweyo ndi chofesedwa msanga, kungoti chimakhala chachifupi ndi nthambi zochepa. Ndiye kutalika kwa mbewu si chizindikiro cha mtundu. Kuthira manyowa ambiri kapena feteleza wa urea poganiza kuti yachedwa kumangoonjezera masamba.

Duwa lililonse limakhala tsiku limodzi. Limatseguka m'mawa, pofika masana layamba kufota. Nthawi yabwino yoonera ndi pakati pa 7 ndi 10 koloko m'mawa, muli ndi galasi lokuza zinthu kakhumi, kapena kamera ya foni, ndi kansalu kakuda koika kumbuyo kwa duwa.

Limanda ndiye wosavuta mukadziwa poyang'ana. Tizala take, pafupifupi 9 kapena 10, ndi ta mphanda kunsonga: kalikonse kamagawika pawiri ngati phanda la legeni, nthambi ina kuloza kunja, ina kupindikira m'kati. Mphandayi ndi yaing'ono, mamilimita ochepa chabe, ndiye imaoneka bwino pa duwa losatseguka kusiyana ndi pa chipatso chouma pomwe nsonga zathyoka. Duwa la limanda wofiira ndi lofiira ngati vinyo kapena lapinki; wobiriwira amatha kukhala ndi lachikasu, koma mphanda ilipobe. Chikho chake sichinenepa.

Chidede tizala take tilibe mphanda. Ndi tonenepa, tosongoka, pakati pa 8 ndi 12, tolumikizana m'munsi komanso tomatirira ku chikho, moti simungachotse kamodzi osang'amba mnofu. Duwa likagwa chikho chimayamba kufufuma, kukhala chamnofu, chonyezimira, chothyoka kuti khotcho mukachipinda. Patatha masabata atatu chimakhala chakwana kukolola kwa ofuna juwisi, jamu kapena vinyo. Anthu ambiri amachitcha chipatso kapena duwa, koma chipatso chenicheni ndi kampira kobiriwira kaubweya kamene kali m'kati, komwe mumakatulutsa ndi kapaipi kapena mpeni.

Sonkhwe tizala take tilibenso mphanda, koma ndi topyapyala, 7 kapena 8 kawirikawiri, totambasuka. Chikho chenichenicho ndi chouma, cha timinga, ndipo pakati pa mitsempha yake pali ubweya woyera wonga ukonde wa kangaude. Pa dzino lililonse la chikho pali kadiso kotukuka koonekera bwino. Ubweya woyerawu ndi umene umathetsa mkangano wovuta kwambiri m'gululi. Chidede chili ndi mitundu iwiri ikuluikulu: var. sabdariffa, chanthambi ndi chikho chamnofu, ndi var. altissima, cholimidwira luzi, chomwe chimakula mowongoka kupitirira mamita atatu, chopanda nthambi zambiri, chikho chake chosanenepa ndipo nthawi zina chaminga. Chachiwirichi patali ndi sonkhwe ndithu. Koma chikho chake chilibe ubweya woyera, tizala timamatirira, ndipo njere ndi za impso, osati za makona.

Pali mlendo mmodzi wosaitanidwa amene amamera yekha m'mbali mwa madimba ndi m'mitsinje, Hibiscus surattensis. Nayenso tizala take ndi ta mphanda, ndiye wongowerenga mphanda akhoza kumutcha limanda wobiriwira. Iyeyu amayanga pa zinzake, minga yake ndi yokhota ngati mbedza, imakola malaya. Nthambi ya kunja ya mphanda yake ndi yotambalala ngati kasupuni, ndipo pomwe kaphesi ka tsamba kamachokera pali timakutu tiwiri tatikulu tokumbatira tsinde. Kufananaku sikwangozi: ofufuza amati limanda anachokera ku kukwatirana kwa surattensis ndi Hibiscus asper.

Za kusakanikirana kwa mbewu

Dandaulo lakuti chidede chakwatirana ndi therere chifukwa zinayandikana silimveka. Sonkhwe ali ndi ma chromosome (timaulusi ta m'maselo tonyamula chibadwa) 36, chidede 72, limanda 72, therere lobala pafupifupi 130, ndipo therere ndi chidede sizingabereke pamodzi. Mzere ukatuluka wosakanikirana, njere zinasakanikirana pa lichero poyanika kapena m'botolo. Zomwe zimakwatiranadi ndi mitundu ya mbewu imodzi, makamaka therere ndi therere linzake kapena sonkhwe ndi sonkhwe mnzake, mbewu zomwe njuchi zimazikonda. Clemson Spineless, therere la ku America lodziwika kuyambira 1939, likakhala pafupi ndi lamakolo, mbewu ya chaka chotsatira imatha kutuluka ya zipatso zosiyana kutalika ndi kuyabwa. Pofuna mbewu yeniyeni, madzulo sankhani duwa lomwe nsonga yake yayamba kuonetsa chikasu, muliveke kathumba ka neti kapena ka pepala, mumange pa kaphesi. Limadzibereketsa lokha m'mawa mwake. Patsiku lachiwiri chotsani kathumba, mumange ulusi wofiira kuti chipatsocho musachithyolere ndiwo. Jumbo musagwiritse ntchito, imachita thukuta ndipo duwa limaola.

Meyi: kusunga zitsanzo

Chitsanzo chothandiza ndi nthambi ya masentimita 30 yokhala ndi duwa, duwa losatseguka ndi chipatso, kuonjezapo tsamba limodzi la m'munsi. Duwa limodzi ligonekeni chafufumimba kuti tizala tionekere. Ikani pakati pa nyuzipepala, makatoni pansi ndi pamwamba, njerwa ziwiri kapena zitatu kupsinja. Nyuzipepala sinthani tsiku lililonse masiku anayi oyamba, kenako pakadutsa masiku awiri mpaka ziume. Chikho cha chidede chili ndi madzi ambiri, chimachita nkhungu chisanaume. Chidulani pakati m'litali, kampira ka njere mukaike m'envelopu yakeyake. Masamba a maluwa onsewa amamatirira pa nyuzipepala n'kung'ambika, ndiye ayikeni pakati pa tishu ndipo tishuyo musamachotse posintha. Mtundu wa duwa lembani tsiku lomwelo, chifukwa lachikasu ndi lapinki zikauma zimaderako mofanana. Chomwe chakanika kuzindikirika chikhoza kukayerekezedwa ndi zitsanzo za ku National Herbarium, malo osungira zomera zouma ku Zomba, ndipo kumeneko chimafunika chikhale ndi malo, tsiku ndi dzina lomwe eni dera amachitcha.

Zipatso zosiyira mbewu zayamba kuuma, ndipo tizilombo tofiira ta madontho akuda tomwe timadetsa thonje tafika kale pa mzere wa sonkhwe ndi wa therere. Timayamwa njere, zimakhala mphwepwa. Tigwedezereni m'chitini cha madzi a sopo m'mawa kukadali kozizira, ndipo zipatso muzidule zikangoyamba kung'ambika kunsonga, mzere umodzi pa tsiku, lichero lake ndi botolo lake. Limanda safunika kudikira njere: nthambi za masentimita 20 mpaka 25 zozikidwa m'dothi lonyowa zimagwira mosavuta, ndipo wofiira amatuluka wofiira yemweyo.