Zikomo nonse: Samueli wafika pakhomo, ndipo dzina lake ndi ili

Abale, anansi, akumpingo ndi anzathu nonse, ife a banja, akuchimuna ndi akuchikazi pamodzi, tati tisagone nawo mawu awa. Mwana uja anabadwa masiku asanakwane, pa milungu 33, akulemera makilogalamu 1.7, tsopano ali kunyumba. Kuchipatala anakhalako masiku 24. Pa sikelo yapitayi singano inaima pa makilogalamu 3.2, akuyamwa yekha, ndipo mayi ake apeza mphamvu. Lamulungu lapitali tinakamupereka kutchalitchi, ndipo dzina lake ndi Samueli Pempho.

Zikomo kwa anamwino a ku chipinda cha ana osakwana masiku, amene munkadzutsa mayi ake maola awiri aliwonse, usiku ndi usana, kuti afinyire mkaka m'kakapu. Munawaphunzitsa kuti kakapuko kangokhudza mlomo wam'munsi, mwana azinyambita yekha, osamukhuthulira m'kamwa, chifukwa wotere sanadziwe kuyamwa, kumeza ndi kupuma pa nthawi imodzi, ndipo mkaka ukalowa njira ya mpweya amatsamwa. Zikomo kwa inu atatu amene munakapereka magazi usiku uja osafunsa kawiri. Zikomo azakhali ndi agogo aakazi, amene munkalandirana ndi mayi ake pa kangaru: mwana atavala thewera, kachipewa ndi masokosi basi, ali chafufumimba pachifuwa, khungu ndi khungu, mutu utapendekera mbali imodzi, chitenje chitamangidwa molimba m'munsi mwa khutu kuti khosi lisapindike. Mwana wa sikelo yotsika chotere alibe mafuta osunga kutentha, ndiye akangozizidwa amasiya kuyamwa ndipo sikelo imabwerera m'mbuyo. Agogo ankagona chokhala, atatsamira khoma, kuti asamugudubuze. Zimenezo sitingazilipire.

Ndipo inu amene munkabweretsa nkhuni, ufa, bonya ndi sopo ku khitchini ya ogonera odwala, inu amene munasunga ana enawo, inu amene munakolola chimanga chija chisanagwe ndi chiswe, mwatisonyeza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mulungu akudalitseni.

Amayi akumpingo anabwera ndi keke yolembedwa kuti "Samueli, Mulungu wamva". Tinaidya mokondwa, ndipo mawuwo ndi oona pa zimene zatichitikira. Koma kuchokera tsiku limenelo ambiri mwakhala mukufunsa ngati ndilo tanthauzo la dzinali, ena mukuti mwamva kuti ndi "wopemphedwa kwa Mulungu", enanso akuti ndi "dzina la Mulungu". Popeza munavutika nafe, tiyenera kukuyankhani bwinobwino, makamaka inu amene mwati mukufuna kutcha ana anu dzina lomweli.

M'Chihebri dzinali ndi Shemu'el, ndipo limalembedwa ndi zilembo zisanu: shin, mem, vav, alef ndi lamed. Mbali yomaliza, El, ndiye Mulungu, yemweyo amene ali kumapeto kwa Danieli, Ezekieli, Yoweli ndi Israeli. Pamenepa palibe mkangano. Nkhani ili pa mbali yoyamba. Mawu akuti shem amatanthauza dzina, choncho akatswiri ambiri a chinenerochi amawerenga kuti "dzina la Mulungu" kapena "dzina lake ndi Mulungu". Kwa ife, kumasulira uku ndiko kumagwirizana ndi zilembo zake popanda kuwonjezera kapena kuchotsa kanthu.

Nanga "Mulungu wamva" anachokera kuti? Mneni wa kumva m'Chihebri ndi shama, ndipo m'khutu amafanana kwambiri ndi chiyambi cha Shemu'el. Koma shama amathera ndi chilembo cha ayin, chotchulidwira kukhosi, chimene mu dzina la Samueli mulibe. Mayina amene anachokeradi ku kumva ali nacho chilembochi. Isimaeli, mwana wa Hagara, ndi Yishma'el, kutanthauza kuti Mulungu amamva, monga zilili pa Genesis 16:11. Simeoni, mwana wachiwiri wa Leya, nayenso ndi wa kumva, pa Genesis 29:33. Ndiye amene akufuna dzina loti Mulungu wamva, chilembo ndi chilembo, mayina ake ndi awiriwo. Komabe sitikuti amayi a keke aja analakwa: kumasulira kumeneku n'kwakale kwambiri, ndipo kumagwira mtima wa nkhani ya Hana, mayi wa Samueli wa m'Baibulo.

Kumene kuli kukoma kwenikweni ndi pa 1 Samueli 1:20, pamene Hana mwini wake akunena chifukwa chimene anatchera mwanayo dzinali: anachita kumupempha kwa Yehova. Mneni wa kupempha ndi sha'al. Werengani mutu woyambawo pang'onopang'ono, muona kuti mawu amenewa akubwerezedwabwerezedwa, pa vesi 17, pa vesi 20, kenako kangapo pa mavesi 27 ndi 28. Mneni yemweyo akasinthidwa pang'ono amatanthauzanso kubwereka ndi kubwereketsa, choncho Hana akunena zinthu ziwiri ndi mawu amodzi: ndinamupempha, ndipo tsopano ndamupereka kwa amene anandipatsa. Pa vesi 28 mawu ofotokoza mwanayo ndi sha'ul, omwe ndi dzina lenileni la Sauli, mfumu imene Samueli yemweyo anadzaidzoza atakula. Olemba Chihebri ankakonda kumasulira dzina ndi mawu omveka mofanana nalo, osati kwenikweni mawu amene linachokerako. Ndi chifukwa chake "wopemphedwa" ndi tanthauzo la Sauli, koma ndi mbiri ya Samueli. Atsibweni a mwanayu atamva zimenezi ndi pomwe anamuwonjezera lachichewa lakuti Pempho, kuti zimene Chihebri chinangoziloza ndi kamvekedwe, Chichewa chizinene poyera. Amene simukonda Pempho, Pemphero kapena Yankho amakwaniranso bwino pambali pa Samueli.

Mwini dzinayo anakhalako cha m'zaka za m'ma 1000 Yesu asanabadwe. Bambo ake Elikana anali wa ku Rama, ku mapiri a Efereimu, ndipo anali ndi akazi awiri, Hana ndi Penina. Penina anali ndi ana ndipo ankamutonza mnzakeyo. Aliyense amene anaonapo mayi wosabereka ali pa mitala akudziwa kulemera kwa mavesi amenewa. Ku Silo, Hana anapemphera milomo ikungogwedera mawu osamveka, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera. Mwanayo atasiya kuyamwa, anapita naye ku nyumba ya Yehova pamodzi ndi ng'ombe, efa umodzi wa ufa, womwe ndi malita pafupifupi 22, kuposa pang'ono ndowa ya malita 20, ndi thumba lachikopa la vinyo. Vesi imene inaliza mayi a mwana wathu ndi 2:19, pomwe Hana chaka ndi chaka ankasoka kamwinjiro kakang'ono n'kukapereka kwa mwana wake. Ganizirani mayi akuyerekeza m'mutu kuti chaka chino wakula bwanji, asanamuone. Pambuyo pake Hana anabereka ana ena asanu, aamuna atatu ndi aakazi awiri.

Zotsala za mu 1 Samueli mukuzidziwa: kuitanidwa ndi Mulungu usiku m'mutu 3, mwala wa Ebenezeri pa 7:12, kudzoza Sauli m'mutu 10 ndi Davide m'mutu 16. Pali vesi imodzi imene makolo otcha dzinali sayenera kuidumpha, 8:3, pomwe ana a Samueli, Yoweli ndi Abiya, ankalandira ziphuphu poweruza milandu, mpaka anthu anayamba kufuna mfumu. Imfa yake ili pa 1 Samueli 25:1, kutanthauza kuti buku lachiwiri lonse, la mitu 24, lili ndi dzina lake koma iye mulibemo. Poyamba mabuku awiriwa anali mpukutu umodzi, ndipo anagawidwa ndi amene anawamasulira m'Chigiriki. Si iye yekha wa dzinali m'Baibulo: pa Numeri 34:20 pali Shemu'el wina wa fuko la Simeoni, ndipo pa 1 Mbiri 7:2 pali wa fuko la Isakara. Abale athu achisilamu nawonso amamudziwa, pakuti ngakhale Qur'an simutchula dzina, omasulira amati mneneri wa pa 2:246 mpaka 248, amene anaikira ana a Israeli mfumu, ndi iyeyu. Kumpoto chakumadzulo kwa Yerusalemu kuli phiri lotchedwa Nabi Samwil, kumene mwambo wakale umati kuli manda ake.

Tsono sh uja anathera kuti? Chigiriki chilibe liwu la sh, ndiye omasulira Baibulo lachigiriki analemba Samouel. Chilatini chinatengera kwa Agiriki, ndipo zinenero za ku Ulaya zinatengera ku Chilatini. Pofika kwathu kuno panatsala vuto limodzi: liwu lachichewa silithera pa l, liyenera kutsekedwa ndi lembo laliwu. Buku Lopatulika lakale, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, linatseka ndi i, kukhala Samueli. Buku Loyera la 1998 linatseka ndi e, kukhala Samuele. Pakamwa ambiri timati Samuyeli, kwa anzathu a Chiswahili ndi Samweli, ndipo ku Israel masiku ano amati Shmuel. Onsewa ndi munthu mmodzi. Amene sali mmodzi ndi Samisoni, ngakhale onse awiri amafupikitsidwa kuti Sam: Samisoni ndi Shimshon, kuchokera ku shemesh, dzuwa.

Kutchuka kwake pakati pa Akhristu kunakula pambuyo pa kukonzanso mpingo m'zaka za m'ma 1500, pomwe anthu wamba anayamba kuwerenga Chipangano Chakale m'zinenero zawo, makamaka Akhristu otchedwa a Puritan ku England ndi ku America. Ku United States, kumene ndandanda ya mayina a ana imayambira mu 1880, Samuel sanatulukepo pa mayina 100 oyamba, ndipo zaka zaposachedwa wakhala pakati pa 30 oyamba. Ku England ndi Wales anali pakati pa 10 oyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Si dzina lobwera ndi mphepo n'kupita ndi mphepo. Mu Africa linalowa kudzera pa ubatizo. Mnyamata wa Chiyoruba dzina lake Ajayi, atapulumutsidwa m'chombo cha akapolo mu 1822, anabatizidwa ku Freetown mu 1825 n'kukhala Samuel Crowther, ndipo mu 1864 anakhala bishopu woyamba wachiafrika mu mpingo wa Anglican. Kwathu kuno tili ndi Samuel Yosia Ntara, wobadwa mu 1905, mmodzi wa oyamba kulemba mabuku a nkhani m'Chichewa, ndipo ku Namibia mtsogoleri woyamba wa dzikolo, Sam Nujoma, anali Samuel.

Kwa inu amene mukufuna kulitenga, apa ndi pofunika kusamala. Dzina la kalembedwe kanayi limadzetsa mavuto pamapepala, ndipo vutolo limayambira pakhomo. Mayi ali ku chipatala anena kuti Samueli, bambo polembetsa kubadwa alemba Samuel, agogo pa ubatizo atchula Samuyeli, ndipo mlembi aliyense alemba chimene wamva. Zaka zambiri palibe amaona kanthu. Zimadzaonekera polembetsa mayeso a sitandade 8, potenga chiphaso cha unzika pa zaka 16, kapena pofuna pasipoti, pomwe kompyuta imaona Samuel ndi Samueli ngati anthu awiri, ndipo kukonza kwake kumafuna kalata yolumbirira, ndalama ndi maulendo. Choncho gwirizanani kalembedwe kamodzi musanachoke ku chipatala. Lembani dzina lonse m'zilembo zazikulu pa kapepala, loyamba, lapakati ndi la bambo, mu ndondomeko imene mukufuna, n'kumakapereka kwa mlembi m'malo mongotchula. Lamulo limati kubadwa kwa mwana kulembetsedwe pasanathe milungu 6. Setifiketi ya kubadwa ikatuluka, iwerengeni chilembo ndi chilembo musanachoke pa windo, ndipo buku la kusikelo, kalata ya ubatizo ndi kaundula wa kusukulu zitsatire zimene zili pa setifiketiyo. Sam ndi wa pakhomo, asalowe pa pepala lililonse. Ife tasankha Samueli, wa i kumapeto, monga mmene agogo ake amamuwerengera m'Baibulo lawo lakale lija. Zikomo abusa amene munakhala nafe madzulo awiri ndi Baibulo lanu lachihebri, kutilozera ndi chala pamene ayin ali ndi pamene palibe.

Ambiri mwafunsa tsiku lodzamuona. Bwerani, khomo ndi lotsegula, koma awiriawiri kapena atatuatatu, osati gulu lonse nthawi imodzi. Pakhonde pali ndowa ya madzi ndi sopo, sambani m'manja musanamunyamule. Amene muli ndi chifuwa kapena chimfine, chonde dikirani muchire, chifukwa mapapo a mwana wobadwa msanga sanalimbe, ndipo chimfine chimene kwa wamkulu n'chamasiku atatu kwa iye chikhoza kukhala chibayo. Musamupsompsone kumaso, ndipo musadandaule mukamupeza ali m'chitenje pachifuwa cha agogo ake: nthawi imeneyo sitimutulutsa. Mbale ndi mapoto amene munabweretsera chakudya ku chipatala tatsuka, zili kwa azakhali, ndipo pali poto mmodzi wa chivundikiro chobiriwira amene mwini wake sitinamudziwe.