Lachitatu anapulumutsa malipiro athu, Lachisanu CV yake anaiika pambali

Sabata yathayi sindinagone bwino, koma chimene chikundiwawa mumtima si tulo. Ndikulembera anzanga amene mumasamala maseva (makompyuta akuluakulu osunga ndi kuyendetsa zinthu za kampani) m'makampani muno mu Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, komanso inu achinyamata amene mumanditumizira ma CV pa WhatsApp n'kumafunsa kuti ntchito imeneyi munthu amayambira pati.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse. Pulinta ya ku akaunti yakana, bambo wina wabwera kutchuthi ataiwala pasiwedi, tatsegula maakaunti awiri mu Active Directory (pulogalamu yosunga mayina ndi mapasiwedi a antchito), tatseka ya munthu amene anasiya ntchito mwezi watha koma palibe anatiuza. Izi mukuzidziwa kale. Nkhani ili pa Lachitatu.

Seva imene imasunga za malipiro pakampani pathu ili ndi madisiki anayi pa RAID 5, njira yolumikiza madisiki kuti azigwira ntchito ngati imodzi. Miyezi isanu yapitayo kanyali ka disiki imodzi kanayamba kuwala chikasu. Tsiku lomwelo ndinalembera akuluakulu a kampani kalata yopempha ina. Anandiyankha kuti wogulitsa akufuna madola, madola kulibe, ndidikire. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, yankho limeneli lakhala nyimbo pa chilichonse chochokera kunja. Ndinalembanso kachiwiri, kachitatu, kufotokoza m'mawu oti aliyense amve kuti RAID 5 imapirira disiki imodzi yokha ikafa, yachiwiri ikatsatira ndiye kuti zonse zapita. M'kalata zomwezo ndinatchula mabatire a UPS (chipangizo chopatsa seva moto magetsi akathima), amene anatupa kalekale ndipo sasunga moto ngakhale mphindi ziwiri. Makalata onse atatu ali m'fayilo, asainidwa kuti alandiridwa.

Cha m'ma 4 koloko masana magetsi anathima. Jenereta inalira pang'ono n'kuzima, dizilo anali atatha, dalaivala ali pamzere wa mafuta chiyambire m'mawa. UPS inalira katatu basi, m'chipinda cha maseva munangoti zii. Magetsi atabwera cha m'ma 7 madzulo ndinayatsa seva, n'kupeza tinyali tiwiri tachikasu. Tsikulo linali pa 24. M'mawa mwake a ku akaunti amayenera kutumiza malipiro kubanki, ndipo ambiri mwa antchito athu ndi a m'fakitale, anthu amene eni nyumba amawadikirira pakhomo pa 25.

Ndinathamangira ku backup, mafayilo osungidwa padera oti tidzabwezeretsere zinthu seva ikafa. Tili ndi script, pulogalamu yaing'ono, imene usiku uliwonse imatulutsa database (nkhokwe ya mayina ndi malipiro onse) n'kuisunga pa NAS, bokosi la madisiki losungiramo mafayilo pa netiweki. Nditatsegula fodayo thukuta linandituluka. Fayilo yomaliza yokhala ndi kanthu inali ya masabata asanu ndi awiri apitawo, otsatira onse anali a 0 KB, opanda kanthu. NAS inadzaza, script inkalephera mwakachetechete, ndipo imelo yochenjeza inkapita ku adiresi ya mnzanga amene anachoka chaka chatha. Apa sindinganamizire abwana kapena madola. Kuyang'ana mafayilo amenewo inali ntchito yanga, ndipo ndinakhulupirira chinthu chimene sindinachiyese.

M'chipindamo tinali awiri. Winayo ndi mtsikana amene akuphunzira ntchito pathu pano, wa dipuloma, wakhala nafe miyezi inayi ndipo amangolandira ya minibasi. Ndinali nditamuuza kuti azipita kusanade, koma anatsala. Ataona ndagwira mutu anayankhula motsitsa mawu.

"Bwana, ine ndili nayo ina. Ya Lachisanu lapitali."

Ndinamuyang'ana osamvetsa. Anandikumbutsa kuti sabata yake yachiwiri ndinamupatsa ntchito yoti aphunzire kubwezeretsa database: atulutse ndi pulogalamu ya pg_dump, aike pa disiki yakunja yokhala ndi pasiwedi, ayese kuibwezeretsa pa kompyuta yakale ya pakona, akamaliza disikiyo aitsekere m'kabati yachitsulo ya ku akaunti. Ine ndinkati achite kamodzi kuti adziwe. Iye anamva kuti ndi ntchito ya Lachisanu lililonse, ndipo sanadumphe ngakhale sabata imodzi. Pa NAS sitinamupatse chilolezo cholowa, n'chifukwa chake vuto la kumeneko sanalione.

Anatulutsa kope m'chikwama, la chikuto cholimba longa la ana a sekondale, m'makona mopindika. Tsamba lililonse analilemba mizere ndi rula: tsiku, kukula kwa fayilo, manambala oyambirira a checksum (nambala yotsimikizira kuti fayilo sinaonongeke), mphindi zimene kubwezeretsa kunatenga, ndipo kumapeto mawu amodzi, "yatheka". Pamalo awiri panalembedwa "yakana", pansi pake chifukwa chake ndi mmene anakonzera. Kutsamba loyamba analemba mtundu weniweni wa PostgreSQL (pulogalamu yoyendetsa database) umene uli pa seva, ndi mayina a ma user amene pulogalamu ya malipiro imafuna kuti akhalepo musanabwezeretse. Inu amene munayamba mwabwezeretsapo database pakati pa usiku mukudziwa kuti timizere tiwiri timeneto timapulumutsa maola angati.

Mlonda anatitsegulira ku akaunti titaimbira foni madamu oyang'anira malipiro. Tinatenga kompyuta yamphamvuko ya muofesi mwanga, n'kuikapo Proxmox, pulogalamu yopangira makompyuta ena mkati mwa kompyuta imodzi, n'kupangamo seva yatsopano ya Ubuntu Server. Ndinamusiyira kiyibodi. Sikuti ndinkamuyesa, koma iye anali atachita zimenezi maulendo oposa khumi, ine ndinali ndisanachiteko pa seva imeneyi kwa zaka ziwiri. Eyakoni inali itakana kuyaka magetsi atabwera, ndiye tinatsegula chitseko, udzudzu n'kulowa. Cha m'ma 10 anaimbira amayi ake ku Area 25. Ndinapempha foniyo. "Mayi, pepani tachedwa naye mwanayu, ndimubweretsa ndekha pakhomo." Iwo anangoti, "Zikomo bambo, bola adye." Tinadya tchipisi chimene mlonda anakatigulira pamsewu.

Nthawi itangopitirira 2 koloko usiku pulogalamu inatseguka, mayina onse alimo. Chimene chinasowa ndi ovataimu ya Lolemba mpaka Lachitatu, ndipo imeneyo inali pamapepala. Madamu aja anafika 6 koloko m'mawa kudzailowetsanso. Isanakwane 12 fayilo inapita kubanki. Kufakitale palibe amene anadziwa kuti kunachitika kanthu.

Pomuperekeza usiku uja ndinamufunsa kumene anaphunzira kudekha koteroko. Anati ali ndi laputopu ya kaunjika ya 8 GB, anaikamo VirtualBox (ina yonga Proxmox), amagula bandulo ya usiku kuti akoke Ubuntu ndi Windows Server, kenako amazionongera dala n'kumazikonza. Amafufuta fayilo yofunika, amadzaza disiki, amasokoneza DNS (imene imathandiza kompyuta kupeza inzake pogwiritsa ntchito dzina), kuti aone mmene zimaonekera zikafa.

Lachinayi linapita ndi kulemba lipoti ndi kukonza script ija kuti izikuwa ikalephera.

Lachisanu ndi pamene mtima unandipweteka. Tikufuna munthu wothandizana nane, ntchito ya woyamba kumene, ndipo makalata anabwera oposa 100. Ndinaitanidwa kuti tikasankhe oti abwere ku intaviyu. Mulu umene anandipatsa unali utapetedwa kale, ndipo dzina la mtsikanayo munalibe. Nditafunsa, madamu a HR anandisonyeza chimene tinalengeza m'nyuzipepala: digiri, zaka zitatu pantchito, ndi CCNA, satifiketi ya Cisco ya za netiweki.

"Bambo, ifetu timatsata zimene zinalembedwa. Alibe digiri, alibe zaka zitatu."

"Madamu, malipiro amene mwalandira dzulo anawabwezeretsa ndi iyeyo."

"Zimenezo tamva, ndipo tamuthokoza. Koma akabwera a audit tidzati chiyani?"

Sindikuwada madamuwo, akuteteza mpando wawo. Amene ndikulimbana nawo ndi amene amakopera zofunikira za ntchito yaikulu n'kuziika pa ntchito ya woyamba, malipiro n'kuwasiya a woyamba. Munthu wa zaka zitatu amene amaidziwadi ntchito sangabwere pa ndalama imeneyo, ali kubanki kapena ku bungwe lolipira bwino. Amene amabwera ndi amene aphunzira kukometsera CV. Ndipo mayeso a CCNA ndi madola 300. Kampani imene yalephera kupeza madola a disiki imodzi kwa miyezi isanu ikufuna mwana wa ku Kawale kapena ku Ndirande awapeze asanalandireko ndi malipiro amodzi omwe. Digiri sindikuinyoza. Ndagwirapo ntchito ndi ana a ku MUBAS, ku MUST, ku Chancellor College ndi ku Mzuni akuthwa kwambiri. Koma pepala limandiuza kuti munthu anakhoza mayeso, silindiuza chimene adzachite tinyali tikawala chikasu pa 24.

Tsono kwa inu amene mumandifunsa poyambira. M'mulu uja CV iliyonse inati mwini wake ndi wolimbikira ntchito ndi wogwirizana ndi anzake. Ndinawerenga zoposa 30, ziwiri zokha ndi zimene zinatchula chinthu chimene munthuyo anachita ndi manja ake. Lembani chimenecho. Ngati munakoka mawaya a netiweki pasukulu ya kwanu, nenani makompyuta angati, switch (bokosi lolumikizira mawaya) yanji, ma IP (maadiresi a makompyuta pa netiweki) munawagawa bwanji, ndipo pemphani a hedi akulembereni kalata. Ngati simunachiteko, pitani kutchalitchi, kumzikiti, kukachipatala kapena kusukulu yapafupi mukadzipereke. Malo amenewa ali ndi makompyuta odzaza mavairasi ndipo alibe wowasamala.

Zida zophunzirira zambiri n'zaulere. Windows Server ili ndi mtundu woyesera wa masiku 180, okwanira kumanga domain (gulu la makompyuta olamulidwa ndi seva imodzi), kuphunzira Group Policy (malamulo owayendetsera) ndi kugawa zilolezo za mafoda. Packet Tracer ya Cisco, pulogalamu yoyeserera netiweki pa kompyuta, imapezeka ulele mukalembetsa ku Networking Academy yawo, mukhoza kuphunzira VLAN ndi subnet (njira zogawira netiweki m'zigawo) musanakhudzeko switch yeniyeni. Ubuntu, VirtualBox ndi Proxmox salipiritsa. Satifiketi idzabwera ndalama ikapezeka, mwinanso bwana wanzeru adzakulipirirani. Chimene ine ndimafunsa pa intaviyu n'chosavuta kunena: munthu akuti intaneti sikugwira, muyamba pati? Ndimamvetsera ngati muyang'ana waya kaye, kenako IP, kenako gateway (khomo lotulukira pa netiweki), kenako DNS, kapena mungoti ndiyizima n'kuyatsanso. Ndimafunsanso ngati munayamba mwawerengapo log (fayilo imene kompyuta imalembamo zochitika) mpaka kupeza mzere umene wavuta. Wondiyankha kuti "sindikudziwa bwana, koma ndingayambe kuyang'ana apa" ndimamukonda kuposa wondilakatulira zoloweza. Ndipo kuyambira sabata ino ndiziwonjezera funso lina: backup yomaliza imene munaibwezeretsa nokha inali ya chiyani, inatenga nthawi yaitali bwanji?

Kuno kwathu palinso zina zimene mabuku a mayeso sakhalitsapo. Muyenera kudziwa kumva batire la UPS likayamba kununkha, kudziwa dongosolo lozimitsira maseva magetsi akathima, kugwirizana ndi amene amasamala jenereta, kukwera m'siling'i ndi tochi kusaka waya umene makoswe adya. Ntchito ya helpdesk, yothandiza antchito makompyuta awo akavuta, musaikane poti ndi yapansi. Ine ndinayambira kumeneko, kunyamula mapulinta, ndipo n'kumene ndinaphunzira kuyankhula ndi munthu wokwiya popanda kumuchititsa manyazi.

Malonda a ntchito muziwaona mu The Nation, mu Daily Times ndi pa LinkedIn, koma dziwani kuti malo ambiri a woyamba amapita kwa munthu amene wina anamuonapo akugwira. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pitani kumisonkhano ya ICTAM, bungwe la ogwira ntchito za ICT m'Malawi, mukapeza mpata, lembani kalata yopempha kuphunzira ntchito n'kukapereka nokha kwa woyang'anira IT, osangoisiya pageti. Amene muli ndi madigiri yesaninso pulogalamu ya boma yotumiza achinyamata kukaphunzira ntchito m'maofesi. Wina akakuimbirani kuti tumizani ndalama pafoni kuti dzina lanu lilowe, dulani foniyo, ndi wakuba.

Ndipo gulani kope. Ndikunena kope lenileni la pepala, chifukwa tsiku limene mudzalifune kwambiri ndi tsiku limene kompyuta siyaka.

Lachisanu lomwelo madzulo ndinalembera akuluakulu a kampani kalata ya masamba awiri. Ndinavomera mbali yanga pa backup ija, ndinamata makalata atatu a disiki ndi mabatire, ndipo pamwamba pa zonse ndinaika fotokope ya masamba a kope la mtsikanayo, n'kupempha kuti amulole alowe intaviyu ngati wina aliyense, ayankhe mafunso omwewo. Pamene ndikulemba pano madisiki sanagulidwebe, malipiro a kampani yonse akuyendera pa kompyuta imene ili pansi pa tebulo langa, ndipo nthawi ya mtsikanayo yophunzira ntchito ikutha kumapeto kwa mwezi wamawa. Andiitana Lolemba 9 koloko m'mawa. Ndamupempha kuti kopelo abwere nalo.