Talowa m'shopu yathuyathu ku Ulongué

Abale athu a ku Angónia, mwezi uno tasamukira m'shopu ya njerwa ndi malata kufupi ndi msika wa ku Ulongué. Amene munatidziwa tikukonza njinga pansi pa mtengo, bokosi la zitsulo lili pamwala, mukudziwa kumene tachokera. Mtima wanga wadzaza ndi kunyadira, ndipo sindibisa.

Tinayamba ndi kumata machubu ndi kuwongola masipoko pa njinga za akabaza ndi za alimi obweretsa mbatatesi kuchokera ku Tsangano ndi ku Dómuè. Kenaka njinga za mountain zinachuluka, zambiri zakale zochokera kunja. Makiranki ake, mikono ija imene mapedulo amamangidwapo, ndi a aluminiyamu, ndipo aluminiyamu safuna nkhanza. Chizolowezi cha kuno n'choti pomanga pedulo munthu amalowetsa paipi pa sipanala n'kuiponda ndi phazi mpaka itakana. Pa kiranki yachitsulo zimenezi zimapita, koma pa aluminiyamu mazinga amadyeka, tsiku lina pedulo n'kusololoka munthu ali pakati pa chitunda.

N'chifukwa chake ndinasunga ndalama n'kukagula torque wrench ku Tete. Anzanga ena anati ndataya ndalama zoti ndikanagula matayala ambiri. Chida chimenechi mumachitchera pa muyeso umene mukufuna, ndipo mphamvu ikakwana chimalira kuti "kha!", pamenepo mumasiya. Pedulo timayamba taipaka girisi, n'kuilowetsa ndi zala kuti mazinga agwirane bwino, kenaka timaimanga pa 35 mpaka 40 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira). Mapedulo ena amamangidwa ndi sipanala ya 15 mm, ena ndi aleni kiyi ya 6 kapena 8 mm kumbuyo kwa kiranki. Pedulo yakumanzere, yolembedwa L, mazinga ake ndi otembenuka: imamangika mukapotoza chakumanzere. Makiranki ambiri amene amabwera kuno ataonongeka anafera pamenepa. Bawuti ya kiranki ya bowo la ngodya zinayi, a Shimano, kampani yopanga zida za njinga, amati imangidwe pa 35 mpaka 50 Nm. Ikakhala yolefuka, kiranki imayamba kulira popalasa, bowo limakula, ndiye palibenso mankhwala koma kugula ina. Pa makiranki a Shimano a mtundu wa Hollowtech II, timabawuti tiwiri takumanzere timafuna 12 mpaka 14 Nm basi, kumanga mosinthanasinthana pang'onopang'ono.

Nthawi imene inatsala pang'ono kutigwetsa inali pamene tinaoda katoni ya makiranki kwa wogulitsa wina wa mumzinda. Kunja ankaoneka okongola, koma mazinga ake anali osadulidwa bwino komanso chitsulo chake chinali chofewa. Makasitomala anayamba kubwerera mapedulo ali m'manja, ndipo mbiri inawanda pamsika kuti ife timaononga njinga. Ndinaitana amene anadandaula, ndinatenga kiranki yatsopano m'katonimo iwo akuona, n'kutchera chida pa 35 Nm. Chisanalire n'komwe, pedulo inangozungulira yokha. Nditaitulutsa, mazinga a kiranki anali atakulungika pa pedulo ngati kamphete. Ndinapereka kamphetekako kwa bambo wina wachikulire kuti akagwire yekha. Aliyense tinamuikira kiranki ina kwaulere, ndalama zotuluka m'thumba mwathu. Wogulitsa uja anasiya kuyankha foni. Amene anatibwereka ndalama za katoniyo ankafika m'mawa uliwonse kudzawerengera chiwongoladzanja, osafunsa ngakhale kuti tadzuka bwanji. Ngongole yanu tinabweza yonse, bwana, koma pakhomo panu sitidzagogodanso.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatisunga. Zikomo amalume, inu amene munandipatsa sipanala yoyamba n'kundiphunzitsa kumvetsera njinga ikamalira. Zikomo mayi a kunyumba, munagulitsa chimanga chanu kuti tigule makiranki olowa m'malo, ndipo simunadandaule. Zikomo anyamata anga awiri a pashopu, amene madzulo aliwonse mumabweza chida chija pa muyeso wotsikitsitsa kuti sipuling'i yake isatope. Zikomo akabaza a pamsika, munabwerera kwa ife mbiri yathu ili yoipa, n'kuitananso anzanu. Zikomonso abale ochokera ku Calómuè ndi kutsidya ku Dedza amene mumadutsa okonza njinga ambiri panjira kuti mufike kuno.

Tsopano pashopu pali mapedulo, makiranki ndi mabawuti amene timayamba tawayesa tisanawaike pashelefu. Tili ndi chokokera kiranki, choncho njinga yanu sitiimenya ndi hamala. Ngati ikulira mukamapalasa, kapena pedulo ikugwedera, musadikire kuti mvula iyambe misewu ya ku Dómuè iterere. Bwerani nayo, kuyeza mapedulo ndi makiranki n'kwaulere mwezi wonse uno, ndipo tidzamanga inu muli pomwepo mukuona muyeso ndi maso anu.