Masabata 6 omaliza ku Zambezia: momwe ndimatsekera utumiki ndisanawoloke pa Muloza

Wachinyamata wa kuno ku Mulanje kapena ku Thyolo akatumidwa ndi mpingo kukatumikira ku Mozambique, kaya ndi ku Milange, ku Gurue kapena ku Mocuba, amanyamuka mokonzeka ndithu. Amapemphereredwa, amasonkheredwa kangachepe, ena amamuperekeza mpaka pachipata cha Muloza. Koma za kabwereredwe palibe amene amamuuza, ndipo zambiri zimene wamanga m'chaka chathunthu kapena zaka ziwiri zimagwera m'masabata omalizawo. Ndondomeko iyi ndi imene ndimatsata, ndipo ndimayamba kuwerenga kutatsala masabata 6.

Choyamba kugwira ndi pasipoti. Ndimayang'ana masiku awiri: tsiku limene pasipotiyo ithere, ndi tsiku limene chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chithere. Mmalawi wongopita kukacheza amalowa ku Mozambique popanda viza kwa masiku osapitirira 30, koma wokakhala nthawi yaitali pa ntchito ya mpingo amafunika chilolezo china, ndipo khadi ya mlendo wokhazikika kumeneko amaitcha DIRE, yoperekedwa ndi SENAMI, ofesi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dzikomo. Tsiku lonyamuka ndimaliika kutatsala sabata yathunthu kuti chilolezocho chithe. Chindapusa cha munthu wopyola masiku chimawerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo malungo a masiku atatu kapena mlatho umodzi wokokoloka ndi zokwanira kukupyoletsani. Ndikaona kuti masiku sakugwirizana, ndimawauza abusa ondiyang'anira sabata yomweyo, chifukwa nkhani za mapepala nthawi zambiri zimakathera ku Quelimane, likulu la chigawo cha Zambezia, ndipo ulendo umenewo umadya ndalama ndi masiku. Masamba onse okhala ndi zidindo ndimawajambula pafoni, kenako ndimapangitsa fotokope n'kuisunga m'chikwama china, osati momwe muli pasipoti.

Ntchito yaikulu ya masabata onsewa ndi kusiyira ena udindo, ndipo apa ndichedwapo.

Ndimatenga kope n'kulemba chilichonse chimene chimachitika pampingopo chifukwa choti ine ndilipo. Mndandandawo umadabwitsa kutalika kwake: kuphunzitsa a kalasi ya ubatizo, kutsegula tchalitchi Lachitatu, kuyendera odwala, kutchaja batire ya zokuzira mawu, kulemba maina m'kaundula, kuyambitsa nyimbo kwaya ikasokonekera, ngakhale kudziwa pomwe pamakhala kiyi wa kabati. Pambali pa chinthu chilichonse payenera kulembedwa dzina la munthu wa pamalopo. Maina amenewa sindisankha ndekha. Ndimakhala pansi ndi akulu a mpingo, pamodzi ndi atsogoleri a amayi, iwo ndiwo asankhe. Mlendo akaloza yekha womulowa m'malo, kawirikawiri amaloza mnzake amene amagwirizana naye, kapena amene amalankhula bwino Chipwitikizi, ndipo iye akangochoka mpingo umamukana munthuyo mwakachetechete: anthu amangosiya kubwera. Akulu amadziwa mabanja amene sadyerana, amadziwa amene amachoka miyezi itatu kukachita ganyu kapena geni ya nandolo, zinthu zimene mlendo wa zaka ziwiri sangazione zonse.

Akasankhidwa, ndimagawa Masabata otsalawo motere. Lamulungu loyamba ndi lachiwiri timatsogolera limodzi, ine ndikuyamba iye akumaliza. Lamulungu lachitatu ndi lachinayi amatsogolera yekha, ine nditakhala pabenchi pakati pa anthu. Kukhala chete pamenepa n'kovuta. Mnzanuyo adumpha vesi, aiwala kulengeza chopereka, atalikitsa pemphero, ndipo anthu atembenuka kukuyang'anani. Musaimirire. Mukamukonza pamaso pa anthu kamodzi kokha, mwawaphunzitsa kuti mtsogoleri weniweni ndi amene akuchokayo. Zolakwika ndimazisunga, timakakambirana awiri madzulo. Malangizo a Paulo pa 2 Timoteo 2:2, oti zimene waphunzira uzipereke kwa anthu okhulupirika amene adzaphunzitsenso ena, kukwaniritsidwa kwake ndi pabenchi pamenepa.

A kalasi amafuna chisamaliro chapadera. Ndimalemba dzina la aliyense, mudzi wake, tsiku limene anayamba ndi phunziro limene afikapo. Pamabwera chiyeso chofulumizitsa ubatizo kuti uchitike ine ndisanachoke, ndipo ophunzirawo amapempha okha. Ndimakana. Munthu wobatizidwa mothamanga pofuna kusangalatsa mlendo sachedwa kusowa mlendoyo akapita, komanso zimamulanda wolowa m'malo chipatso chake choyamba. Kaundula ndi zolemba zonse ndimazisiya m'chinenero chimene wotsalayo amawerenga. Cha ku Milange Chinyanja chimamveka, koma mukalowa m'kati cha ku Gurue anthu amalankhula Chilomwe ndipo kusukulu anaphunzira Chipwitikizi, choncho kope lolembedwa m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi limangokhala chakudya cha chiswe.

Kutatsala masabata 4 ndimatseka za ndalama. Ndalama za mpingo timawerenga anthu atatu: ine, msungichuma ndi mkulu mmodzi. Timalemba zimene zinalowa, zimene zinatuluka ndi zotsala, tonse n'kusaina mapepala awiri, limodzi litsale, lina ndipite nalo. Ngati pali malisiti otayika, ndimanena pomwepo n'kulemba kuti ndalamayo inagula chiyani. Kusiyana kwa ma meticais 500 kumene mungakufotokoze m'mphindi ziwiri mulipo, kumasanduka mbiri ya kuba mukakhala kuti mwawoloka. Katundu wa mpingo timamulembanso chimodzichimodzi: njinga, sola, batire, zokuzira mawu, Mabaibulo ndi mabuku a nyimbo, ndipo chilichonse chimalembedwa momwe chilili, ngati batire yafooka alembe kuti yafooka. Kenako ngongole zanga. Ndimayenda ndekha ku okala, kwa amayi amene amandigulitsa makala, kwa wokonza njinga, kwa eni nyumba, kufunsa ngati pali chotsalira. Amene ndinawabwereketsa ine ndimawafunsa kamodzi, ndipo amene sangathe kubweza ndimawauza poyera kuti nkhaniyo yatha, kuti asamazembe mapemphero chifukwa cha manyazi. Sindisiyira wolowa m'malo ntchito yotolera ngongole zanga.

Katundu wanga ndimamugawa patatu: wopita naye, wosiyira mpingo, ndi wopatsa anthu. Gawo lachitatuli ndi limene limayambanitsa abale. Matiresi amodzi, mapoto atatu ndi chidebe zingathe kugawa kwaya pakati. Ndimawauza akulu zimene zilipo, iwo andithandize kuona osowa kwenikweni, ndipo zimaperekedwa popanda mwambo. Sindilonjeza kanthu. Anthu adzapempha foni, fizi ya mwana, malata a tchalitchi, ulendo wobwera ku Malawi. Kuyankha kuti "tiona" kapena "ndikakafika ndikatumiza" kumaoneka ulemu panthawiyo, koma kumudzi mawu amenewo amasungidwa ngati pangano, ndipo wodzatumidwa pambuyo panu ndi amene adzafunsidwe. Pempho lomveka ndimalilemba n'kunena zoona zake: ndikalipereka kwa amene anandituma, yankho ndi lawo.

Pali nkhani ina imene achinyamata amaibisa mpaka usiku womaliza. Ngati mtima wagwa pa munthu wa kumeneko, abusa ndi akulu adziwe masabata adakalipo, ndipo ngati n'zenizeni zidzere kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Kuchoka mutasiya lonjezo la ukwati la m'tseri kumavulaza mwana wa eni, ndipo banja lonse limatuluka mumpingo.

Za thupi ndimaziona kutatsala masabata 2. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a BP, a shuga, a TB kapena ma ARV, apite kuchipatala chimene amalandirirako akatenge kalata yosamukira ndi mankhwala okwanira kufika nawo kwawo mpaka atalembetsanso. Neti ndimagonamo mpaka usiku womaliza. Ambiri amaipereka msanga pogawa katundu, n'kulumidwa sabata yomalizayo. Malungo amatenga sabata imodzi kapena kuposerapo asanaonekere, ndiye munthu amadzagwa ali kale ku Chitakale, abale n'kumati ndi kutopa kwa ulendo. Thupi likatentha mukafika, kayezetseni magazi tsiku lomwelo, ndipo akakupatsani LA mumalize yense, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, mutadya. Ngati munkasamba kapena kuchapa m'mitsinje ndi m'madambo, auzeni achipatala akuyezeni likodzo ngakhale simukuona magazi m'mikodzo.

Foni imaiwalika kawirikawiri. Ndalama zotsala mu M-Pesa kapena e-Mola ndimazitapa ndisananyamuke, chifukwa zimamangika ku nambala ya ku Mozambique. Manambala a anthu ndimawalembanso m'kope. Simu ya Airtel kapena TNM imene munaisiya zaka ziwiri osaigwiritsa ntchito mwina inatsekedwa kale kapena inapatsidwa munthu wina, choncho chiphaso cha unzika chikhale pafupi kuti mulembetse ina. WhatsApp ndimaisamutsira ku nambala yatsopano nditafika, simu ya kuno ikugwira, kuti magulu a mpingo wa kumeneko asanditaye. Ndalama zachitsulo za metical ndimazigwiritsa ntchito konko, osintha ndalama amafuna zamapepala.

Sabata yomaliza ndi yotsanzika, ndipo ili ndi dongosolo lake. Ndimayamba ndi mfumu ya deralo, imene kumeneko amati régulo, ndi mlembi wa boma wa m'deralo, nditatsagana ndi mkulu wa mpingo komanso wolowa m'malo uja, kuti amuone nkhope. Mlendo amene analandiridwa ndi mfumu sachoka ngati nkhuku yothawa. Kenako okalamba ndi odwala amene sangafike kutchalitchi, khomo ndi khomo. Lamulungu lomaliza ndimalankhula mwachidule: kuthokoza, kupepesa pomwe ndinalakwa, ndi kutchula maina a otsala ndi udindo. Mutu 20 wa Machitidwe a Atumwi, pomwe Paulo akutsanzikana ndi akulu a ku Efeso ali ku Mileto, umathandiza kukonza mawu a tsikuli. Ulaliki ndimausiyira wa pamalopo. Mphatso zidzabwera: mpunga, chinangwa chouma, chitenje chimene iwo amati capulana, nkhuku yomangidwa miyendo ndi luzi. Landirani ndi manja awiri. Nkhuku ndi mbuzi zokha ndimapempha kuti tidyere limodzi konko, popeza ziweto zamoyo siziwoloka malire popanda chilolezo cha a zaziweto. Ndisanachoke ndimatenganso makalata awiri kwa abusa, onse okhala ndi chidindo: yobwezera umembala wanga kumpingo wa kwathu, ndi yochitira umboni ntchito imene ndagwira, yotchula masiku oyambira ndi omalizira. Yachiwiriyi imadzathandiza pofunsira sukulu kapena ntchito, ndipo kuitsatira mutabwera kale n'kovuta.

Pa tsiku la ulendo ndimakwera minibasi yoyamba, imene kumeneko amati chapa, m'bandakucha. Chipata cha Muloza chimatsekedwa madzulo, ndipo chapa siyenda isanadzaze. Ngati kubwera kwanu kwagwera pakati pa Disembala ndi Malichi, onjezerani masiku. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unadula msewu pa Mocuba, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anawononga misewu ndi milatho ku Zambezia ndi kuno ku Mulanje komwe. Pasipoti, makalata ndi mankhwala zimakhala m'kachikwama ka pathupi, zokulungidwa m'pulasitiki, osati m'thumba limene lamangidwa padenga. Pamalire pamafunika zidindo ziwiri, chotulukira ku mbali ya Milange ndi cholowera pa Muloza, ndipo ndimaziyang'ana ndisanachoke pawindo kuti tsiku lalembedwa lolondola. A kabaza ena adzakuuzani za njira yachidule yowolokera pamtsinje. Imeneyo si yanu: popanda chidindo chotulukira, m'mabuku a kumeneko mumaoneka ngati mudakali m'dzikomo, ndipo tsiku limene mudzafune kukaona abale aja mudzakumana nazo. Amene wagula njinga yamoto kumeneko abwere ndi mapepala ake onse ndi ndalama ya msonkho, akaionetse kwa a MRA.

Mukadutsa Limbuli pa msewu wa M2, minda ya tiyi ili mbali zonse ndipo phiri la Mulanje limene mwakhala mukuliona chakumbuyo layamba kuoneka nkhope yake yozolowereka, mtima umafuna kuti zonse zathera pomwepo. Patsala ziwiri. Abale kunyumba amaganiza kuti wochokera kunja wabwera ndi kanthu, choncho ndimawauza pafoni masabata angapo ndisanafike kuti ndikubwera ndi chikwama ndi makalata basi. Mitengo ya zinthu nayo mudzaipeza ina; amene anachoka kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anabwerera ku msika wosauzindikira. Ndalama yoyendera ndi yodyera mwezi woyamba ndimaipatula ndisanayambe kugula mphatso.

Chachiwiri ndi lipoti. M'sabata yoyamba ndimapereka kalata ya umembala kwa mlembi wa mpingo, n'kupempha nthawi yokumana ndi abusa ndi akulu amene anandituma. Lipoti lolembedwa lisapitirire masamba awiri: mipingo ndi midzi imene ndinkayendera, chiwerengero cha a kalasi ndi pomwe afika, maina a amene atsala ndi udindo, pepala la ndalama lija losainidwa, mapempho amene ndinalonjeza kupereka, ndi zimene wodzapita pambuyo panga ayenera kudziwa asananyamuke, monga chinenero, mtunda wa kuchipatala ndi miyezi imene misewu imaduka. Pamaso pa mpingo wonse mphindi 10 zimakwana. Abale a ku Zambezia ndimawaimbira nditangofika kuti adziwe ndayenda bwino, kenako kamodzi pamwezi. Wina akandiimbira kudandaula za mtsogoleri watsopano kapena kufunsa chochita pa mlandu wa mumpingo, ndimamumvetsera mpaka amalize, kenako ndimamubweza kwa akulu a konko.