Piya wa pakona wanyamuka, ndataya masiku anayi m'matope

Akuluakulu zandivuta kuno. Kanyumba ka mapulanga kamene ndikumanga pa mapiya (zipilala za konkire zozika m'dothi) kumpoto kwa mzinda wa Duluth ku America, chitseko chinayamba kukana kutseka mu February, ine nkumati mwina ndi chinyontho basi, thabwa lafufuma. Sinowo itasungunuka ndinayika levulo pa bimu yokhala pamwamba pa mapiya, kabulo ka m'levulomo nkuthawira mbali imodzi. Kona ya kumpoto yakwera pafupifupi inchi yathunthu ndipo dothi litafewa yangotsikako theka.

Chimene chinandipweteka mutu nchakuti kuya ndinakumba bwinobwino. Kuno ku Minnesota lamulo limati fawundeshoni izame mainchesi 60 chigawo cha kumpoto, 42 kumwera, kuti chisanu chisafike pansi pake nkuinyamula, ine mapiya onse 9 ndinafika 66 kuopa zomwezi, ndi tizitsulo mkati. Ndiye chisanu chalowa bwanji pansi pa piya? Masiku awiri oyamba ndinangotaya nthawi kukumba mozungulira ngati mfuko, ndikufuna kuona ngati piyayo wathyoka pakati. Sanathyoke.

Tsiku lachitatu ndi pomwe ndinagona chamimba nkusuzumira pansi pa bimu ndi tochi. Kodi si konkire ija inasefukira pamwamba pa Sonotube (chubu cha katoni chothiramo konkire ya piya) tsiku lothira, chubu chinali chachifupi pang'ono ndiye mutu wa piya unatambasuka ngati bowa, mainchesi atatu kuzungulira. Chisanu sichinafunike nkomwe kufika pansi, dongo louma ndi ayezi linangogwira chipewa cha bowacho nkunyamula piya yense. Komanso void form ya katoni ija ndinayala pansi pa bimu kuti isiye mpata pakati pa bimu ndi dothi inawola monga ziyenera kukhalira, koma sindinatchinge m'mbali, matope analowa nkudzaza mpata wonse, ndiye dothi potupa linakankha bimu mwachindunji. Zolakwa ziwiri, zonse zanga, ndinkathamangira kumaliza mdima usanagwe.

Anthu amakonda kunena za madzi kuti akaundana amakula ndi 9 peresenti, zoona, koma icho sichimene chimanyamula nyumba. Dongo limakoka madzi kuchokera pansi ngati chingwe cha nyali ya palafini, ayezi nkumakula m'magawo m'magawo, bola pali dothi losalala, madzi ndi kuzizira. Zikundikumbutsa makande a ku Chikwawa momwe amang'ambira makoma, kungoti uko amatupa ndi mvula. Malume anga akamva kuti ndakumba dzenje lofika m'khosi chifukwa cha kanyumba kamodzi aseka mpaka misozi, kwathu fawundeshoni ya kitchini imathera m'mawondo.

Bowa uja ndamugumula ndi galayinda ndi tchizulo, dzanja lidakali lotupa. Piya ndamukulunga pulasitiki yokhuthala magawo awiri kuti ayezi aziterereka, dongo ndachotsa nkubwezera kwale wotsuka, mpata wa pansi pa bimu ndaupala ndi kafosholo ka m'dimba nkutchinga ndi bolodi. Kenako fomu ya pinki ija yotchinga kuzizira yotchedwa XPS, ya mainchesi awiri, R-10 (muyeso wa mphamvu yake yotchingira), ndayala mafiti anayi kuchokera pa bimu, yopendekera kunja kuti madzi azithawa. Ndinagula ku Menards, sitolo ya zomangira, sabata ija amabweza 11 peresenti ya mtengo, ine sitolo imeneyo ndikalowa kukagula misomali ndimatuluka ndi ngolo yodzaza, mayi akunyumba analeka nkufunsa komwe.

Chimene chikundidetsabe nkhawa nchakuti kanyumbaka sindikolezamo moto nyengo yozizira, ndiye palibe kutentha kotsikira m'dothi, fomuyo imayenera kudutsa pansi ponse osati kunja kokha. Shedi yanga yoyamba ndinangoikhazika pa mabuloko, imakwera nkutsika chaka ndi chaka koma chitseko chake sichinandivutepo.

Makona enawo ndiwasuzumira kaye. Pulani ya sauna (kachipinda kosambira nthunzi) pambalipa ndajambula kale, mwina pa ma helical pile (zitsulo zopotera m'dothi ngati sikuluwu), October isanafike.