Zikomo abale a Kasungu, mwatisungira mlendo wathu mpaka wabwerera kwawo ali bwino

Abale anga ndati ndithokoze pagulu pompano chifukwa kuyendera m'modzim'modzi sindingathe, mulipo ambiri zedi. Madamu athu aja a chingerezi omwe anabwera kuchokera ku America kudzera ku bungwe la anthu odzipereka la Peace Corps kudzaphunzitsa nane pasukulu pathu amaliza nthawi yawo, ananyamuka ndipo afika kwawo bwinobwino, anditumizira uthenga pa WhatsApp kuti ndikupatseni moni nonse makamaka amayi a kunyumba kuja omwe ankawasamalira ndi ana a fomu 4. Chachiwiri n'chakuti zotsatira za MSCE zatuluka ndipo ana ambiri omwe tinkawadera nkhawa pa chingerezi akhoza, nde mtima wanga wadzadza, ndikulemba izi misozi ili m'maso.

Amene simuli mbali ya zauphunzitsi mwina simudziwa kuti chingerezi chimapweteka bwanji pa CDSS ya kumudzi. A MANEB sapereka satifiketi ya MSCE kwa mwana amene walephera chingerezi, olo akhoze bwino agiri, bayo, masamu ndi zina zonse, akagwa chingerezi basi zaka zinayi zija zapita. Ndipo mwanayu kuyambira sitandade 5 maphunziro onse amawamva m'chingerezi koma akaweruka chingerezicho samachimvanso pena paliponse, kunyumba ndi Chichewa, kudimba Chichewa, kutchalitchi Chichewa. Ife a Kasungu timadziwa bwino kusiyanaku chifukwa ku Mtunthama kuli Kamuzu Academy yomwe inatsegulidwa mu 1981, ana a kumeneko chingerezi amadzuka nacho n'kugona nacho, pomwe athuwa buku limodzi amagwirizira anthu angapo pa desiki. Nzeru ali nazo ana athu, chimene chimawamanga ndi mantha, kuopa kusekedwa akaphonya liwu.

Pamenepo ndi pomwe Madamu anatithandiza kwambiri. Sanabwere kudzandilanda ntchito ayi, sikimu (ndondomeko ya zophunzitsa pa temu) timalembera limodzi, galamala yambiri ndimaphunzitsa ine poti silabasi ndi mafunso a MANEB ndimawadziwa, iwo amagwira kwambiri zolankhula ndi zolemba chimangirizo. Anayambitsa kalabu ya dibeti pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, ndipo lamulo linali limodzi lokha, palibe kuseka mnzako. Iwo eni ake amayamba ndi kulankhula Chichewa chawo chokhotakhota chija pamaso pa ana, akalakwitsa ana amawakonza iwo n'kuthokoza n'kubwerezanso, ndiye ana anaona kuti munthu wa digiri yake akulakwitsa osachita manyazi, nanga ife tiopa chiyani. Pali mtsikana wina wa fomu 3 yemwe temu yonse yoyamba sanakwezeko mkono, ukamuloza amangoyang'ana pansi n'kumakumba dothi ndi chala chakumwendo. Tsiku lina mutu unali wakuti ana azijomba kusukulu nthawi yosoka fodya kapena ayi, mtsikana uja anaimirira manja akunjenjemera, pepala likugwedezeka, n'kufotokoza m'chingerezi momwe amadzukira mbandakucha kukasoka fodya m'chigafa asanabwere kusukulu ndipo pofika m'kalasi zala zimakhala zakuda ndi utomoni wa fodya uja. Chingerezi chake sichinali chowongoka koma palibe anasuntha. Ameneyu ndi m'modzi mwa omwe akhozawa. Akuluakulu anati mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa, ine ndazionera ndekha.

Koma zinthu sizinali zophweka. Nthawi yomwe anali kuno ndi yomweyi kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023, kenako chilala cha El Niño mu 2024 chinawotcha chimanga m'minda, ana ambiri anayamba kujomba kupita ku ganyu, ena kubwera osadya kanthu n'kumasinza piliyodi yachitatu. Madamu nawonso anadwala malungo kwambiri usiku wina, netiweki ikuvuta, ndipo achimwene a kabaza ya njinga yamoto aja ndi omwe anathamanga kukakwera pachulu kukaimba foni mpaka a ku ofesi yawo ku Lilongwe anadziwa n'kudzawatenga. Achimwene, munakana ngakhale ya mafuta usiku umene uja, Mulungu akubwezereni.

Amayi a kunyumba, inu ndiye sindikudziwa ndiyambire pati. Munawatenga ngati mwana wobala nokha, munawaphunzitsa kuvala chitenje, kugwira mthiko, kuomola nsima ndi chipande osapsa zala, kupereka moni kwa akuluakulu mogwada, ndipo atachira malungo aja munawaphikira phala la mgaiwa lotendera m'mawa uliwonse mpaka mphamvu zinabwerera. Tsiku lotsanzikana munalira kuposa tonse. A mfumu, zikomo potipatsa nyumba ndi kuyankhula ndi anyamata kuti mlendo asavutitsidwe, nthawi yonseyi palibe chinasowapo pakhomo paja olo chidebe. A hedi, a PTA, amayi a Mother Group omwe munayenda khomo ndi khomo kubweza atsikana omwe anasiya sukulu nthawi ya njala ija, aphunzitsi anzanga omwe mumatipatsa mapiliyodi anu mayeso atayandikira, zikomo kwambiri.

Tsono ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox, makamaka achinyamata omwe mwamaliza ku UNIMA, Mzuni, Nalikule ndi Domasi, kuti kodi ifenso tingapite bwanji kunja kukaphunzitsa chingerezi chonchi. Ndikuuzeni zoona zake kuti musabedwe. Peace Corps ndi ya boma la America, inayamba mu 1961 ndipo kuno ku Malawi anayamba kubwera mu 1963, amatenga nzika za America zokha. Amakhala miyezi 27, itatu yoyamba amaphunzira chilankhulo ndi chikhalidwe akukhala pabanja la kumudzi, kenako zaka ziwiri pantchito, ndipo salandira malipiro ngati a ntchito, amapatsidwa alawansi yoti azidyera. Mu March 2020 onse anabwezedwa kwawo chifukwa cha Covid-19, n'chifukwa panapita nthawi tisakuwaona. Palinso ina yotchedwa Fulbright English Teaching Assistant, Madamu amandiuza kuti mnzawo wa ku koleji anapita nayo ku Spain, imeneyo amapatsa ndalama omaliza digiri kuti akathandize aphunzitsi a chingerezi m'maiko ngati Spain, Germany, Taiwan ndi South Korea kwa pafupifupi chaka chimodzi cha sukulu, koma nayonso ndi ya nzika za America. Japan ili ndi yake yotchedwa JET yomwe inayamba mu 1987, amafunsira kudzera ku kazembe wa Japan ndipo amatenga anthu ochokera m'maiko omwe ali pa mndandanda wawo, nde muyambe mwafunsa ku embase ku Lilongwe musanataye ndalama. Kwa ife Amalawi, Fulbright yomweyo ili ndi mbali yotengera anthu akunja kukachita masitazi ku America, ndipo Chevening ya ku UK imalipira masitazi ya chaka chimodzi kwa amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri. Zonsezi kufunsira kwake n'kwaulere. Munthu akakuuzani kuti tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akupezereni malo ndi viza, ameneyo ndi wakuba, mublokeni.

Chimene chimandiwawa mumtima n'chakuti anzathuwa boma lawo limaika ndalama kuti mwana akangomaliza digiri apite akaone dziko uku akuthandiza, pomwe ife tili ndi aphunzitsi ophunzira bwino a madipuloma ndi madigiri omwe akungokhala pakhomo, ena akugulitsa kaunjika pa Kasungu boma, masukulu a kumudzi akusowa aphunzitsi. Atapezeka woti aziwapatsa kangachepe ndi nyumba, ambiri akanabwera kudzathandiza ngati momwe anachitira Madamuwa ndipo Chichewa amachidziwa kale. Mnyamata wina wa kuno yemwe wangomaliza kumene ku koleji wadzipereka kale kuti aziyendetsa nane kalabu ija popanda malipiro, achimwene zikomo, ndipo ndikupempha a PTA tikambirane pa msonkhano ukubwerawu zoti tizimupatsako ya sopo.

Kalabu ikupitirira Lachitatu lililonse tikaweruka, ana a fomu 1 omwe angoyamba kumenewa makolo muwalole azitsalira. Madamu atisiyira katoni ya mabuku koma ndi ochepa poyerekeza ndi ana, nde amene muli ku Lilongwe, Mzuzu kapena ku Joni ndipo muli ndi mabuku a nthano a chingerezi chosavuta, madikishonale olo nyuzipepala zakale zomwe zikungokhala, ndilembereni ku inbox tipangane za minibasi yoti mutumizire, ine ndikalandira pa depoti.